Kusankha paipi ya mafuta yosadyedwa ndi ethanol pa injini ya boti

Paipi yotengera petulo kuchoka m'thanki kupita ku injini ya boti imayamba kuonongeka m'kati, komwe diso silifika. Kunja imatha kuoneka yosalala, yopanda mng'alu ngakhale umodzi, pamene m'kati mwake rabala wafewa kale ndipo wayamba kunyenyeka. Tinyenyeswa take timatsata petulo mpaka ku sefa, tina n'kupyola mpaka m'kabuleta. Ndiye injini imene imalira bwinobwino pagombe imayamba kutsamwa mukangoiwonjezera moto pakati pa madzi. Eni maboti ambiri zikatere amathamangira kutsuka kabuleta ndi kusintha mapulagi. Injini imachiradi kwa masiku angapo, kenaka vuto lija n'kubwereranso, chifukwa kochokera zinyalala sikunakhudzidwe.

Chimene chimafulumizitsa kuonongekaku ndi ethanol, mowa wochokera ku nzimbe kapena chimanga umene mayiko ambiri amausakaniza ndi petulo. Ethanol amasungunula zinthu. Amayamwa mankhwala amene opanga anathira mu rabala ndi m'pulasitiki kuti zikhale zofewa, motero paipi ina imauma gwaa n'kuyamba kung'aluka, pamene ina imatupa n'kulobodoka. Amakokanso madzi a mumpweya. Malangizo awa ndi a injini za petulo zomangirira kumbuyo kwa boti, kaya ndi kainjini ka mahosipawa 5 kapena chiinjini cha 200, ndipo mfundo yake yaikulu ndi imodzi: chokuuzani ngati paipi ili yoyenera ndi zilembo zimene zadindidwa pa paipiyo. Mtundu wake, kunenepa kwake ndi mawu okoma a wogulitsa si umboni.

Yambani ndi petulo amene mumathira

Pa pampu kapena m'malamulo a dziko lanu mupeza chilembo E chotsatana ndi nambala. E10 ndi petulo amene magawo 10 mwa 100 alionse ndi ethanol, E15 ndi magawo 15, ndipo E85 ndi wa magalimoto opangidwira mafuta amenewo basi. Makampani akuluakulu opanga injini za maboti, monga Yamaha, Mercury, Suzuki, Honda ndi Tohatsu, amalola petulo wosapitirira E10. Ku America, bungwe loona za chilengedwe la EPA linavomereza E15 pa magalimoto opangidwa kuyambira 2001, koma silinamuvomereze pa injini za maboti. Paipi yabwino siisintha zimenezi. Ikhoza kupirira E15, koma m'kati mwa injini muli tizipangizo tina ta rabala, komanso mulingo wa mafuta ndi mpweya umene unachunidwira petulo wina. Ngati komwe muli petulo ali ndi ethanol woposa magawo 10 ndipo palibe wina, paipi yolimba ndiye yofunika kwambiri, ndipo muziyendera zonse pafupipafupi kuposa momwe buku la injini likunenera.

Nkhani ya madzi ndiyofunika kuidziwa musanaimbe mlandu paipi. Petulo wa E10 amatha kusunga madzi pafupifupi theka la gawo limodzi mwa 100 pa kutentha kwa madigiri 15. M'thanki ya malita 25 amenewo ndi madzi okwana ngati theka la kapu. Akapitirira pamenepo, madzi ndi ethanol zimagwirizana n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe pali kamwa la paipi yokoka mafuta. Msanganizo umenewo ndi woopsa kwa rabala ndi zitsulo kuposa petulo weniweniyo. Paipi yatsopano yoikidwa pa thanki yokhala ndi madzi pansi idzayamba ntchito yake ndi chinthu choipitsitsa, choncho tsanulirani petulo pang'ono wa pansi m'botolo lagalasi, muliimike kwa mphindi zingapo, muone ngati mukuoneka mzere wolekanitsa zinthu ziwiri.

Ifufuzeni paipi imene ilipo

Musanagule, muone kaye ngati yakaleyo yathadi. Ipindeni pang'ono pafupi ndi malekezero ake, pomwe pali maklampu, timalamba tachitsulo tomangira paipi, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Ifinyeni ndi zala m'malo osiyanasiyana: paipi yamoyo imabwerera msanga, yakufa imakhala yolimba kapena imatsala yophwatalala. Ipukuteni ndi kansalu koyera kouma. Kansaluko kakada bii kapena kakanunkha petulo pamene palibe podontha, khungu la paipiyo latha.

Kuyesa kwenikweni ndi kudula kachidutswa ka masentimita 5 kumapeto n'kukang'amba m'litali ndi mpeni kuti muone m'kati. Khoma la m'kati liyenera kukhala losalala ndi lomatirira bwino. Mapaipi ena otuwa akale anali ndi kansalu kopyapyala ka pulasitiki m'kati, ndipo kamene kakadyedwa kamasanduka kachikasu, kamamatuka ndi kuthetheka tizidutswatizidutswa. Kamathanso kupindikira m'kati n'kutseka njira pokhapokha injini ikamakoka mafuta ambiri. Ichi n'chifukwa chake injini imalira bwino ikamangoyenda pang'onopang'ono koma imafooka mukaithamangitsa.

Kapampu kofinya ndi dzanja, kamene kamakhala pa paipi pakati pa thanki ndi injini, kamanenanso zambiri. Kakamaphwa n'kukhala kophwatalala injini ili mkati moyenda, penapake pakati pa iko ndi thanki patsekeka, kapena thankiyo siikulowetsa mpweya. Kakamakana kulimba ngakhale mukafinye kangati, pali polowa mpweya kapena timavavu ta m'kati mwake tatha. Tsegulaninso sefa ya mafuta: timadontho takuda m'menemo kawirikawiri ndi rabala wa paipi yanu.

Werengani zilembo za pa paipi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi bwino kuchedwapo.

Paipi yopangidwira maboti imakhala ndi mzere wa zilembo wobwerezabwereza m'litali mwake. Malamulo a ku America amafuna kuti zilembozo zibwerezedwe pa mtunda wosapitirira mainchesi 12, omwe ndi masentimita 30, ndipo zionetse dzina la wopanga, chaka chimene paipiyo inapangidwa ndi gulu lake. Popeza mapaipi ambiri a maboti amapangidwira msika wa dziko lonse, zilembo zomwezi mudzazipeza kulikonse. Muyezo wake ndi SAE J1527, umene unatuluka mu 1985 petulo wosakaniza ndi mowa atayamba kufala. Pambali pake pamalembedwa USCG, kutanthauza nthambi ya boma la America yolondera m'nyanja, kenaka chilembo ndi nambala: A1, A2, B1 kapena B2.

Chilembocho chimanena za moto. Paipi ya A inayesedwa m'malawi a moto kwa mphindi 2 ndi theka osadontha. Ya B siinayesedwe motero. Nambalayo imanena za ntchito yake. Ya 1 ndi yokhalamo petulo nthawi zonse, monga yochoka m'thanki kupita ku injini. Ya 2 ndi yongodutsamo petulo kapena mpweya wake mwa apo ndi apo, monga yothirira mafuta m'thanki ndi yopumira thanki. Musaike ya 2 pomwe pafunika ya 1, ngakhale itakwana bwino chotani.

Kusiyana kwa 1 ndi 2 kwagona pa kuchuluka kwa petulo amene amadutsa m'khoma la paipi. Rabala aliyense amatulutsa petulo pang'onopang'ono ngati thukuta, popanda bowo lililonse. Ya 1 imaloledwa kutaya magalamu osapitirira 100 pa sikweya mita imodzi pa maola 24, ya 2 magalamu 300. Kuyambira pa 1 Januwale 2009, EPA inatsitsa mulingowu kufika pa magalamu 15 pa mapaipi a petulo a maboti atsopano, ndipo m'pamene panabwera zilembo A1-15 ndi B1-15. Poyesa mulingo wa 15 umenewu amagwiritsa ntchito mafuta okhala ndi magawo 10 a ethanol. Ndiye mukaona -15 kumapeto, mwadziwa kuti paipiyo inakumanadi ndi ethanol poyesedwa.

Tiyerekeze ndi paipi ya mamilimita 8 m'kati, yotalika mamita 3. Khoma lake la m'kati ndi pafupifupi 0.075 ya sikweya mita. Pa mulingo wa 100 ikhoza kutaya magalamu 7.5 a petulo patsiku, pamene pa mulingo wa 15 ingataye galamu imodzi ndi pang'ono. Kutayika kwa mafutawo si nkhani yaikulu. Choopsa n'chakuti mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndipo ukatuluka m'malo otsekeka umatsikira pansi pa boti n'kumadikira kamoto kakang'ono ka pa batire.

Mapaipi opangidwira msika wa ku Ulaya amatsata miyezo ya ISO, bungwe lokhazikitsa miyezo pa dziko lonse. Ya ISO 7840 ndi yopirira moto, yofanana ndi gulu A, ndipo ya ISO 8469 ndi yosayesedwa pamoto, yofanana ndi gulu B. Atsopano ambiri amalembedwanso E10 ndi B10. B10 ameneyu asakusokonezeni ndi B1: B10 akunena za dizilo wosakaniza ndi mafuta a zomera, sakukhudzana ndi petulo.

Nanga mugule iti? Ngati thanki yanu ndi yonyamula m'manja, yokhala poyera, ndipo paipi yonse ikuoneka kuchokera pa thanki mpaka pa injini, B1-15 ndi yokwanira. Ndi yopepuka, imapindika mosavuta potembenuza injini, ndipo yambiri ili ndi khungu lopirira dzuwa. Ngati thanki ndi yomangidwira pansi pa boti, kapena paipi ikudutsa m'chipinda chotsekeka, pafupi ndi batire kapena mawaya, gulani A1-15. Ine ndikakayika ndimasankha A1-15, chifukwa ingagwire ntchito pena paliponse pomwe B1-15 ingagwire, pamene B1-15 siingalowe m'malo mwake. Vuto la A1-15 n'lakuti ndi yonenepa ndi youma, moti imavuta kuidutsa pa kabowo kolowera m'chivundikiro cha injini. Ambiri amathana nazo poika A1-15 kuchoka pa thanki mpaka pa sefa yolekanitsa madzi, ndi B1-15 kuchoka pa sefayo kupita ku injini.

Yang'ananinso chaka. Paipi imakalamba ngakhale ili pa shelefu, makamaka ngati yakhala padzuwa kapena pafupi ndi malata otentha. Yopangidwa zaka zisanu zapitazo yadya kale gawo lina la moyo wake. Ndipo paipi yopanda zilembo zilizonse, kapena yongolembedwa kuti ndi ya mafuta popanda muyezo, dzina la wopanga ndi chaka, isiyeni pomwepo. Wopanga amene anayesetsa paipi yake sabisa zimenezo.

Mapaipi ooneka oyenera koma osayenera

Paipi ya pulasitiki yoonekera m'kati imakopa chifukwa mumaona petulo akuyenda. Yambiri ndi ya PVC wamba, amene ethanol amamuumitsa m'miyezi yochepa, ndipo akauma amasiya kugwira pa cholumikizira n'kuyamba kulowetsa mpweya. Amakaniko amaigwiritsa ntchito kwa mphindi zochepa pofufuza thovu la mpweya, kenaka amaichotsa. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Mapaipi a galimoto amatsata muyezo wa SAE J30. Ya J30R7 ndi ya magalimoto a kabuleta, ndipo imatulutsa petulo wambiri m'khoma mwake kuposa ngakhale ya 2 ya pa boti. Ya J30R9 ndi yabwino ndithu pa ethanol, popeza m'kati mwake muli rabala wa FKM, koma siinayesedwe pamoto monga ya A. Pamavuto, poyera, ikhoza kukufikitsani kumtunda. Musaisiye m'chipinda chotsekeka. Palinso J30R10, yopangidwira kumizidwa m'petulo. Ngati mukusintha kapaipi kokokera mafuta ka m'kati mwa thanki, mufunika yoteroyo kapena yochokera kwa wopanga thankiyo, chifukwa paipi wamba ya boti ndi yolimba m'kati mokha. Khungu lake lakunja likamizidwa m'petulo limatupa ndi kusupuka.

Mapaipi a pansi pa chivundikiro cha injini ndi nkhani inanso. Pa injini zamakono zopanda kabuleta, zopopera mafuta ndi majekita, pampu imakankha petulo mwamphamvu kwambiri kuposa momwe petulo amayendera m'paipi yochoka ku thanki. Pamenepo ikani zipangizo za kampani yopanga injiniyo, zogulidwa ndi nambala yake.

Mukafuna kudziwa zimene zili m'kati mwa paipi yabwino, yang'anani pomwe yadulidwa. Mudzaona magawo angapo: khoma la m'kati la rabala wa NBR kapena FKM, kansalu kopyapyala kotchinga petulo, ulusi wolukidwa wopatsa mphamvu, ndi khungu lakunja lopirira dzuwa ndi kukhulika. FKM, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lamalonda la Viton, amapirira ethanol kuposa NBR, ndipo n'chifukwa chake amakwera mtengo.

Yezani kukula kwa bowo

Paipi imagulitsidwa potengera kukula kwa bowo la m'kati. Pa injini za maboti milingo yofala ndi itatu: 1/4 ya inchi, yomwe ndi mamilimita 6 ndi pang'ono, 5/16, yomwe ndi mamilimita 8, ndi 3/8, yomwe ndi mamilimita 9.5 ndipo ena amailemba 10. Injini zazing'ono zimagwiritsa ntchito iwiri yoyambayo, zazikulu zimafuna 3/8. Buku la injini yanu limanena mulingo wochepetsetsa, ndipo musatsike pansi pake. Paipi yopapatiza imamana injini mafuta pa liwiro lalikulu, injini n'kumayenda ndi mpweya wochuluka, n'kutentha kwambiri. Pa injini yosakaniza petulo ndi oyilo m'thanki, kuchepa kwa petulo ndi kuchepanso kwa oyilo, ndipo mapisitoni amatha kupsa.

Musayeze pa mapeto a paipi yakale, chifukwa pamenepo panatanuka. Yezani kamlomo kachitsulo kamene paipi imavalapo, pa thanki, pa kapampu, pa sefa ndi pa injini. Tonse tiyenera kukhala ta mulingo umodzi. Paipi ya mamilimita 10 pa kamlomo ka 8 siigwira ngakhale muimange klampu mpaka sikulu itapindika. Idzakwinyika pansi pa klampuyo n'kusiya kanjira ka mpweya, ndipo popeza mbali imeneyi injini imachita kukoka mafuta, simudzaona dontho lokuchenjezani.

Za kutalika, yezani injini itatembenuzidwira kumanzere kotheratu, kumanja kotheratu, komanso itadzutsidwa m'mwamba. Onjezerani pang'ono kuti paipi isakokeke. Koma musaunjike mamita owonjezera n'kuwakulunga pansi, chifukwa mita iliyonse imalemetsa ntchito ya pampu ya injini.

Sinthani njira yonse, osati paipi yokha

Ethanol amene wadya paipi wadyanso china chilichonse cha rabala pa njira imeneyo. Kapampu kofinya ndi dzanja kali ndi muyezo wakenso: EPA inayamba kufuna tosatulutsa petulo wambiri kuyambira mu 2011, ndipo tabwino timakhala ndi zilembo zotero. Timakhala touma pang'ono pofinya kuposa takale, makamaka kukazizira. Pa kapampupo pali muvi, ndipo muviwo uloze ku injini. Pofinya, kagwireni muvi utaloza m'mwamba kuti timavavu ta m'kati tikhale pamalo pake.

Zolumikizira za pa injini ndi pa thanki zimasiyana malinga ndi kampani. Cha Yamaha ndi cha Mercury zikhoza kuoneka ngati zofanana, mwinanso n'kulowana, koma osatseka bwino. Pitani ndi chakale pokagula, kapena nambala ya injini. M'kati mwake muli kamphete ka rabala, ndipo kameneka kakaphwa ndiye polowera mpweya pomwe anthu ambiri saganizirapo.

Ngati thanki yanu yonyamula ndi ya mtundu wopangidwira msika wa ku America kuyambira 2011, dziwani kuti chitsekerero chake chimalowetsa mpweya koma sichiutulutsa mpaka mphamvu ya mpweyawo itafika pa 5 psi, muyezo womwe uja woyezera mpweya wa m'matayala. Ikakhala padzuwa imatupa, ndipo imatha kukankhira petulo m'kabuleta injini ili chozima. Pa thanki yotere pamafunika kavavu kotsegula pokhapokha injini ikakoka, koikidwa pakati pa thanki ndi kapampu. Mapaipi ena ogulitsidwa athunthu amabwera nako kale.

Kugula paipi yathunthu, yokhala ndi kapampu ndi zolumikizira zomangidwa kale ku fakitale, n'kosavuta ndipo kumachepetsa malo olakwitsa. Koma werengani zilembo za pa paipiyo, osati za pa pepala lokutira lokha. Mawu akuti imapirira ethanol aliyense angawasindikize pa katoni.

Maklampu akhale a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo pa madzi amchere cha mtundu wa 316 chimaposa cha mtundu wa 304. Ambiri otchipa lamba wake ndi wabwino koma sikulu yake ndi chitsulo wamba chopakidwa, chimene chimadyeka n'kuduka. Ikani maginito pa sikuluyo: ikagwira mwamphamvu, klampuyo si ya pamadzi. Sankhani yaing'ono yolingana ndi paipi, chifukwa klampu yaikulu yomangidwa mpaka kumapeto siikhala yozungulira bwino. Waya ndi timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya a magetsi si maklampu. Opanga injini ena amagwiritsadi ntchito timalamba ta pulasitiki, koma ndi ta mtundu wapadera, tokhala ndi mutu wopindika wogwira paipi mozungulira.

Ngati boti lilibe sefa yolekanitsa madzi, ino ndiye nthawi yoiika, popeza njira yonse ili yomasula kale. Yogwira tizinyalala tating'ono ta mamaikuloni 10 (maikuloni ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) ndi imene opanga injini ambiri amalangiza.

Kuika paipi yatsopano

Gwirani ntchitoyi panja kapena pamalo opita mphepo, popanda wosuta fodya pafupi, chozimitsira moto chili pofikira dzanja. Chotsani waya wa batire wa ku negetivi. Ngati thanki ndi yonyamula, itulutseni m'boti, mumasule chitsekerero pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke. Khuthulirani petulo wa m'paipi yakale m'chitini, osati pansi pa boti.

Paipi yakale ikamakana kuvuka, musaikanule ndi sikuludiraiva. Ing'ambeni m'litali ndi mpeni mosamala, osakanda kamlomo, chifukwa kamzere kakang'ono pa kamlomoko kamasanduka njira ya mpweya. Yatsopano idulidwe mowongoka ndi mpeni wakuthwa. Sowo imasiya tinyenyeswa m'kati, zomwe mukufuna kuthana nazo zija. Mukadula, uzirani m'kati kapena tsukanimo ndi petulo pang'ono.

Lowetsani klampu pa paipi musanaivalike. Paipi ikakhala youma, viikani mapeto ake m'madzi otentha kwa mphindi imodzi, mukunkhumule madziwo bwinobwino, mupake kadontho ka oyilo wa injini pa kamlomo. Musaiwambe pamoto. Ikankheni mpaka ifike kumapeto kwa kamlomo. Klampu ikhale kuseri kwa kamutu kotukuka ka kamlomoko, ndipo kutsale mamilimita 5 kapena 6 a paipi kupitirira klampuyo. Mangani mpaka paipi isatembenuke mukaipotoza ndi dzanja, koma rabala asatumphukire m'timabowo ta lamba. Maklampu awiri ndi abwino pokhapo pamene kamlomo n'kotalika kokwanira onse awiri. Yachiwiri ikakhala kunja kwa kamlomo imangophwanya paipi, mwinanso n'kuikankhira kunja.

Pa zolumikizira za mazinga, monga za pa sefa, pakani phala lotsekera lopangidwira petulo. Tepi yoyera ya mapulamba imanyotsoka, ndipo tizidutswa take timathera m'kabuleta.

Podutsitsa paipi, pewani kuipinda mwadzidzidzi. Paipi zatsopano zokhala ndi kansalu kotchinga m'kati sizikonda kuthyoledwa, ndipo pomwe yathyokapo kamodzi pamakhala pofooka mpaka kale. Paliponse pomwe ikudutsa pa bowo kapena m'mphepete mwa chitsulo, ikanipo mphete ya rabala kapena kachidutswa ka paipi yokulirapo ngati chotchinjiriza. Imangirireni m'mbali mwa boti kuti isapondedwe kapena kukodwa ndi nangula, ndipo italikirane ndi batire. Ngati thanki yomangidwira ili ndi vavu yoletsa petulo kudzikhuthukira yekha paipi ikaduka, musaichotse pofuna kuti mafuta aziyenda bwino. Ikatsekeka ndi zinyalala, itsukeni kapena isintheni.

Kuyesa ndi kusamala

Musanalumikize ku injini, finyani kapampu kangapo mapeto a paipi ali m'botolo, kuti petulo woyamba atsuke njira yonse. Ngati kuli cholumikizira chotseka chokha, dinani kampira ka m'kati mwake ndi kamtengo. Kenaka lumikizani, mufinye mpaka kapampu kalimbe, mukagwire chofinya kwa masekondi 30. Pukutani polumikiza paliponse ndi pepala louma, muone ngati lanyowa. Nunkhizani pansi pa boti musanabwezere waya wa batire.

Sinthani kapena tsukani sefa ya pa injini tsiku lomwelo, chifukwa zinyalala za paipi yakale zikadali m'menemo. Ngati sefayo inali ndi timadontho takuda tambiri, kabuleta nayenso atsukidwe, ndipo tsopano kutsukako kukhalitsa. Lizani injini, muitembenuze mbali zonse ziwiri mukuyang'ana ngati paipi ikukokeka kapena kupindika. Ulendo woyamba ukhale wapafupi ndi gombe, ndipo muithamangitse injini kwa mphindi zingapo, popeza vuto la mafuta limaonekera pa liwiro. Mukabwerako, yesaninso maklampu. Rabala watsopano amaphwa pang'ono pansi pa klampu m'masiku oyamba.

Lembani mwezi ndi chaka chimene mwaika paipiyi m'kati mwa chivundikiro cha injini kapena m'buku la boti. Chaka chilichonse bwerezani kupinda, kufinya ndi kupukuta ndi kansalu koyera. Amakaniko ambiri amalangiza kusintha paipi ikakwana zaka 10 ngakhale ikuoneka bwino, koma yokhala padzuwa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi kapampu kake, siifika pamenepo. Kuiphimba ndi chinsalu boti likaima kumaonjezera moyo wake. Boti likakhala loima kwa miyezi ingapo, chotsani paipi ya thanki yonyamula, muikhuthule petulo yense, muisunge pamthunzi yokulungidwa motakasuka, ndipo mapeto ake onse awiri mutseke kuti tizilombo tisamangemo zisa.